Tsiku Limene Dzuwa Lidada ku Madinah

M'chaka cha 10 chisamukire ku Madinah, m'banja la Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) mudagwa zovuta. Ibrahim, mwana wake wamwamuna wobadwa kwa mayi Maria a ku Egypt, adatsirizika asanakwanitse zaka ziwiri. Mwanayu ankayamwitsidwa kunyumba kwa mmisiri wina wosula zitsulo, dzina lake Abu Sayf, ndipo Maswahaba ankasimba kuti Mtumiki ankayenda mtunda wonsewo, n'kulowa m'nyumba yodzaza utsi wa pachipala, pongofuna kukanyamula mwana wakeyo ndi kumupsompsona. Pa nthawiyi n'kuti iye ali ndi zaka zoposa 60. Ana ake aamuna awiri, Qasim ndi Abdullah, adawaika kale ku Makkah akadali aang'ono. Ana aakazi atatu, Ruqayyah, Zaynab ndi Umm Kulthum, nawonso adali atatsogola. Wotsala adali Fatimah yekha. Kholo lililonse limene lidaikapo mwana silifunikira kufotokozeredwa kulemera kwa tsiku lotere.

Tsiku lomwelo dzuwa lidada. Kudali kum'mawa, kumwamba kopanda chotchinga, koma kuwala kudayamba kufooka ngati nyali imene ikutha mafuta. Anthu atayang'ana kumwamba ndi kukumbukira maliro, adalumikiza ziwirizo nayamba kuuzana kuti dzuwa lada chifukwa cha imfa ya Ibrahim. Tizindikire kuti onena mawuwa sadali adani. Adali anthu omukonda Mtumiki, amene ankaona kuti n'koyenera kuti thambo nalo lilire maliro a m'nyumba mwake.

Iye adatuluka mofulumira kupita kumzikiti, anthu naitanidwa kuti asonkhane, popanda adhana. Swala imene adatsogolera tsikulo idali yachilendo. Idali ya maraka awiri, koma raka iliyonse idali ndi kuimirira kuwiri ndi ruku ziwiri. Ibn Abbas adayerekeza kutalika kwa kuimirira koyamba ndi nthawi imene munthu angatenge powerenga Surat al-Baqarah, ndipo Asma, mwana wa Abu Bakr, adasimba kuti adatsala pang'ono kukomoka mpaka adadzithira madzi kumutu. Pomaliza Swala, dzuwa lidali litayeranso. Kenaka Mtumiki adalankhula kwa anthu, ndipo zimene adanena zidasungidwa m'mabuku a Hadith a Bukhari ndi Muslim kudzera mwa Maswahaba angapo. Adawauza kuti dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro ziwiri mwa zizindikiro za Allah, kuti sizida chifukwa choti wina wamwalira kapena wabadwa, ndi kuti akaona zotere azipemphera, azichita dua ndi kupereka swadaka kufikira kutayera.

Ndimaganiza kawirikawiri za mpata umene udalipo m'mawa umenewo. Sipadafunikire bodza lililonse. Kukhala chete kokha kukadakwanira, mbiri ikadafalikira yokha m'mafuko onse a Arabia kuti ngakhale dzuwa limagonjera nyumba ya Muhammad, ndipo palibe amene akadadzudzula bambo woferedwa chifukwa chosayankha mphekesera pa tsiku la maliro. Atsogoleri ambiri m'mbiri ya dziko adadyerera pa zinthu zochepa kuposa izi. Iye adasankha kuwongola anthu misozi isanaume, pa nkhani imene kulakwitsa kwawo kunkamukweza iye mwini.

Kuti timve kukula kwa zimene adagwetsa, tiyenera kuona mmene maganizo amenewo adazikira mizu. Ku Assyria, m'dziko limene lero ndi Iraq, zaka pafupifupi 670 Mneneri Isa (mtendere ukhale pa iye) asanabadwe, alangizi a mfumu Esarhaddon ankakhulupirira kuti kadamsana wina amalosera imfa ya mfumu. Njira yawo yozembera tsokalo idali yoopsa. Ankatenga munthu wamba, kumuveka zovala zachifumu ndi kumukhazika pampando, pamene mfumu yeniyeni inkabisala n'kumatchedwa mlimi. Masiku oikika akatha, amene ankatha kufika 100, mfumu yongogwirizirayo inkaphedwa kuti ulosi ukwaniritsidwe pa iyo, mwini mpando n'kubwerera. Makalata ofotokoza mwambowu adalembedwa pa mapale a dongo, ndipo alipo mpaka lero. Chodabwitsa n'chakuti mantha omwewo ndi amene adachititsa alembi a ku Babylon kuyang'ana kumwamba usiku uliwonse kwa zaka mazanamazana, akulemba zonse zimene aona, mpaka adazindikira kuti kadamsana ali ndi kayendedwe kake. Adapeza kuti pakatha miyezi 223, kadamsana wofanana amabweranso. Pa kalendala ya dzuwa zimenezi ndi zaka 18, masiku 11 ndi maola 8. Pa kalendala yathu ya Hijri ndi zaka 18 ndi miyezi 7. Ankadziwa nthawi yake, koma ankaopabe ngati kuti ndi uthenga wa imfa.

Nanga kwenikweni chimachitika n'chiyani? Liwu lathu lakuti kadamsana likunena lokha za kuda kwa masana, ngakhale timaligwiritsanso ntchito ponena za mwezi. Arabu amasiyanitsa: kusuf kawirikawiri ndi wa dzuwa, khusuf ndi wa mwezi. Onse awiri ndi nkhani ya mthunzi. Mwezi ulibe kuwala kwakekwake. Umawala chifukwa dzuwa likuuomba, monga mmene khoma loyera limawalira ukaliunika ndi nyali. Umazungulira dziko lapansi, ndipo kuchokera pa kuoneka kwake kufikira pa kuonekanso pamapita masiku 29 ndi theka, n'chifukwa chake miyezi yathu imakhala ya masiku 29 kapena 30. Kumapeto kwa mwezi, umadutsa mbali imene kuli dzuwa, n'kutilozetsa nkhope yake yamdima. Ukadutsa ndendende pakati pa ife ndi dzuwa, mthunzi wake umagwera padziko, ndipo amene ali mumthunziwo amaona dzuwa litaphimbika. Pakati pa mwezi, pamene uli wathunthu, dziko lathu ndi limene limakhala pakati, ndipo mzerewo ukawongoka mwezi umalowa mumthunzi wa dziko n'kuda.

Asodzi a kunyanja kuno safunikira buku kuti amve zimenezi. Amadziwa masiku a mdima pamene nyali zimakoka usipa, amadziwanso masiku amene mwezi umawala usiku wonse n'kuononga ntchito. Kadamsana wa dzuwa amagwa m'masiku a mdima okhaokha, chakumapeto kwa mwezi wa Chisilamu, pa 28 kapena 29. Wa mwezi amagwa pamene mwezi wakhwima, cha pa 14. Munthu akakuuzani kuti adaona dzuwa litada pa 10 Ramadhan, dziwani kuti wasokoneza masiku kapena adaona utsi wa lupsa.

Funso limene mwana wochenjera amafunsa pamenepa ndi lakuti, ngati mwezi umadutsa mbali ya dzuwa mwezi uliwonse, bwanji kadamsana sachitika mwezi uliwonse? Yankho lili pa kupendekeka. Njira ya mwezi ndi yopendekeka ndi madigiri pafupifupi 5 poyerekeza ndi njira imene dzuwa limaoneka likuyendamo pa chaka. Choncho miyezi yambiri mwezi umadutsa chakumtunda kapena chakumunsi kwa dzuwa, mthunzi wake n'kuphonya dziko. Njira ziwirizi zimadutsana pa malo awiri okha, ngati mphambano ziwiri za misewu, ndipo kadamsana amatheka pokhapokha dzuwa lili pafupi ndi imodzi mwa mphambanozo pa nthawi imene mwezi ukufikapo. Dzuwa limafika pa mphambano pakatha masiku pafupifupi 173. N'chifukwa chake akadamsana amabwera m'nyengo ziwiri pa chaka, ndipo kawirikawiri wa dzuwa ndi wa mwezi amatsatana motalikirana masabata awiri. Chaka chilichonse padziko pamachitika akadamsana a dzuwa osachepera awiri. Timawaona mwa apo ndi apo chifukwa mthunzi wakuda wa mwezi ndi wopapatiza: sukula kupitirira makilomita pafupifupi 270 pamene dzuwa lili pamutu, umathamanga pa liwiro loposa makilomita 1,700 pa ola, ndipo pamalo amodzi mdima weniweni supitirira mphindi 7 ndi theka. Kadamsana wa mwezi ndi wopatsa. Aliyense amene kwawo ndi usiku amamuona, ndipo amakhalitsa: wa pa 27 Julayi 2018, amene adaoneka mu Africa muno, mwezi udakhala mumthunzi kotheratu kwa ola limodzi ndi mphindi 43. Kufiira kumene kumaopsa anthu pa nthawi yotero si magazi. Mpweya wozungulira dziko umapinda kuwala kwa dzuwa n'kulola kofiira kokha kufika pamwezi, kufiira komwe kuja timakuona panyanja dzuwa likamatuluka.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiimitsa nthawi zonse. Dzuwa ndi lalikulu kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400 m'mimba mwake, komanso lili kutali kuposa mwezi nthawi pafupifupi 400. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita 384,000, dzuwa pa makilomita 150 miliyoni. Chifukwa cha kulingana kumeneku, ziwirizi zimaoneka zofanana kukula tikaziyang'ana pansi pano, ndipo kamwezi kamatha kuvundikira dzuwa ngati chivundikiro chokwana bwino pa mphika.

Agiriki ena, monga Anaxagoras, adafotokoza kale za mthunziwu, ndipo Aristotle adaona kuti mthunzi wa dziko pamwezi nthawi zonse umakhala wozungulira, umene adautenga ngati umboni wakuti dziko ndi lobulungira. Ku India, Aryabhata adalemba m'chaka cha 499 kuti kadamsana ndi mthunzi, ngakhale anthu ambiri kumeneko ankati chilombo chotchedwa Rahu chikumeza dzuwa. Nzeru zimenezi zidakumana ku Baghdad. M'nthawi ya Khalifa al-Mansur buku la masamu a zakuthambo lochokera ku India lidamasuliridwa m'Chiarabu, kenaka buku lalikulu la Ptolemy lotchedwa Almagest, ndipo Khalifa al-Ma'mun, cha m'ma 828, adakhazikitsa akatswiri ku Baghdad ndi ku Damascus kuti ayeze okha zimene adawerenga m'mabukuwo. Mayina akale adatsalira: mphambano ziwiri zija ankazitcha mutu ndi mchira wa chinjoka. Koma m'manja mwawo chinjokacho chidasanduka manambala a m'matebulo.

Chimene chidasiyanitsa akatswiriwa ndi omasulira wamba ndi chakuti sankakhulupirira buku kuposa maso awo. Al-Battani, amene adagwira ntchito ku Raqqa m'mbali mwa mtsinje wa Euphrates ndipo adamwalira mu 929, adayeza akadamsana kumeneko ndi ku Antioch. Adapeza kuti kukula kumene dzuwa ndi mwezi zimaonekera kumasinthasintha koposa mmene Ptolemy adaphunzitsira, motero nthawi zina mwezi umaoneka wochepa moti sungakwanitse kuphimba dzuwa lonse. Zikatero m'mphepete mumatsala kuwala kozungulira ngati mphete. Lero tikudziwa chifukwa chake: mtunda wa mwezi umasintha pakati pa makilomita pafupifupi 356,000 ndi 406,000, ndipo kadamsana akaupeza uli kutali, nsonga ya mthunzi wake sifika pansi.

Ku Cairo kudali Ibn Yunus, amene adamwalira mu 1009. M'buku lake lalikulu la matebulo, limene adalipereka kwa wolamulira al-Hakim, adasungamo akadamsana pafupifupi 30, ena oyezedwa ndi iye mwini, ena ndi amene adamutsogolera ku Baghdad. Wotchi yodalirika kudalibe. Njira yawo idali yoyeza kutalika kwa dzuwa kapena kwa nyenyezi yodziwika kuchokera pamene thambo lakumana ndi dziko, pa mphindi imene mthunzi wayamba ndi pamene watha, kenaka n'kusandutsa muyesowo kukhala nthawi mwa masamu. Ibn Yunus ankalemba malo amene adaima, anthu amene adali nawo, ndi pamene zoona zidasiyana ndi zimene matebulo adalosera. Khalidwe lolemba ngakhale pamene masamu aphonya ndi limene lidapatsa ntchito yake moyo wautali. Mu 1749, Mngelezi wina, Richard Dunthorne, adatenga akadamsana a dzuwa amene Ibn Yunus adayeza mu Disembala 977 ndi mu Juni 978 pofuna kutsimikiza zimene Edmond Halley adaganizira, zakuti kayendedwe ka mwezi kakuoneka kakufulumira pang'onopang'ono. Kafukufuku amene adatsatira adaonetsa kuti mbali ina ya nkhaniyi ndi yakuti dziko lathu likuchepetsa liwiro la kuzungulira kwake, moti tsiku likutalika ndi pafupifupi magawo 2 a magawo 1,000 a sekondi pa zaka 100 zilizonse. Kachinthu kochepa chotero sikangaoneke pa moyo wa munthu mmodzi. Kadaoneka chifukwa munthu wina ku Cairo adalemba molondola zimene adaona, osadziwa amene adzaziwerenge.

Nkhani imene imandikoma kwambiri ndi ya al-Biruni. Mu 997 iye adali mnyamata wa zaka 23, akukhala ku Kath, m'dera la Khwarazm, limene lero lili m'dziko la Uzbekistan. Ku Baghdad kudali katswiri wachikulire, Abu al-Wafa al-Buzjani. Awiriwa adapangana kudzera m'makalata kuti onse adzayang'ane kadamsana wa mwezi wa pa 24 Meyi chaka chimenecho, aliyense kwawo, ndi kulemba nthawi yake malinga ndi nthawi ya mzinda wake. Taganizirani: kalata inkayenda ndi ngamila kwa masabata ambiri, choncho ankayenera kudziwiratu usiku wake kusadafike. Nzeru yake idali yotere. Mwezi umalowa mumthunzi pa mphindi imodzimodzi kwa anthu onse padziko, koma mzinda wa kum'mawa umakhala utatsogola pa nthawi. Atayerekeza zolemba zawo adapeza kusiyana kwa pafupifupi ola limodzi. Popeza dziko limazungulira madigiri 360 pa maola 24, ola limodzi ndi madigiri 15, ndipo umo ndi mmene adadziwira kutalikirana kwa mizinda iwiriyo kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, popanda kuyenda ndi chingwe. Wina angafunse kuti zimenezi zidali ndi phindu lanji. Kuti mudziwe Qibla ya mzinda wakutali mwa masamu, muyenera kudziwa malo ake enieni poyerekeza ndi Makkah. Al-Biruni adadzalemba buku lathunthu la kayezedwe ka malo a mizinda, limene mathero ake ndi kupeza Qibla ya Ghazna, ku Afghanistan. Mthunzi umene mafumu a ku Assyria ankaphera anthu udasanduka chida chowongolera mizikiti.

Al-Biruni yemweyo adavomereza kuti kuyang'ana akadamsana a dzuwa ali mnyamata kudafooketsa maso ake. Makolo agwire mfundo imeneyi. Ngakhale dzuwa litatsala kachidutswa, kuwala kwake kumaotcha mkati mwa diso popanda ululu, munthu n'kudzazindikira mochedwa. Magalasi akuda a pamsika, galasi lodetsedwa ndi mwaye, ngakhale chithunzi cha dzuwa m'beseni la madzi, sizitchinjiriza mokwanira. Njira yabwino idafotokozedwa ndi Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra amene adamwalirira ku Cairo cha m'ma 1040. Iye adalemba kabuku kapadera ka maonekedwe a kadamsana, momwe adaonetsa kuti kuwala kwa dzuwa lophimbika kukalowa pa kabowo kakang'ono n'kugwera pakhoma la chipinda chamdima, kumajambula kachidutswa konga mwezi watsopano, ndipo adafufuza chifukwa chake kabowo kakakula chithunzicho chimatayika. Boolani katoni ndi singano, fulatirani dzuwa, lolani kuwala kugwere papepala, mudzaona zomwe iye adaona. Ngakhale pansi pa mtengo wa mango, timipata ta pakati pa masamba timagwira ntchito yomweyo, ndipo pansi ponse pamadzaza timiyezi tambirimbiri.

Si onse amene adakondwera ndi masamu amenewa. Panali anthu opembedza amene ankaona ngati kunena kuti kadamsana ndi mthunzi wodziwika nthawi yake kukuchotsa mantha oyenera Allah. Funso limeneli silidathe. Limamvekabe pakhonde la mzikiti wailesi ikalengeza za kadamsana kudakali sabata. Imam al-Ghazali, amene adamwalira mu 1111, adaliyankha kumayambiriro kwa buku lake lotsutsa anthu a filosofi, Tahafut al-Falasifa. Ngakhale buku lonselo ndi mkangano ndi iwo, pa nkhani ya kadamsana adakana kukangana nawo. Adati kufotokoza kwawo kwakhazikika pa umboni wa masamu wosasiya chikaiko, ndipo munthu amene akuganiza kuti kuutsutsa ndi kuteteza chipembedzo akuchipweteka chipembedzocho, chifukwa amene amatha kuneneratu nthawi ya kadamsana ndi kutalika kwake, ukamuuza kuti zimenezo zikutsutsana ndi Chisilamu, sadzakayikira masamu ake, adzakayikira Chisilamu. Patapita zaka 200, Ibn Taymiyyah wa ku Damascus, amene adasiyana ndi al-Ghazali pa nkhani zambiri, pa iyi adagwirizana naye. Adati kudziwa nthawi ya kadamsana mwa kuwerengetsa si kudziwa zobisika, n'chimodzimodzi kudziwa kuti dzinja likubwera. Ndi kuti munthu atha kukonzekera akamva kwa odziwa, koma Swala imayamba pamene kadamsana waoneka. Adakananso nkhani ina yakale yonena kuti Ibrahim adamwalira pa 10 mwezi, ponena kuti dzuwa silida pa tsiku lotero.

Kwa ine, amene amaopa masamu pano amasokoneza zinthu ziwiri. Timadziwa mphindi imene dzuwa lilowe lero, zidalembedwa pakhoma la mzikiti, koma kudziwako sikudachotsepo Maghrib. Chimene Mtumiki adachotsa ndi kumangirira thambo ku maliro ndi maufumu a anthu. Kuima pamaso pa Mwini dzuwa adakusiya, ndipo adakutalikitsa kuposa Swala zina zonse zimene anthu ake adazolowera.

Kudziwa kayendedwe ka thambo pakokha sikusandutsa munthu kukhala woona mtima. Mu 1504 Christopher Columbus adali atakhala miyezi yambiri pachilumba cha Jamaica zombo zake zitaonongeka, ndipo eni dziko, atatopa ndi khalidwe la amalinyero ake, adaleka kuwapatsa chakudya. Iye adali ndi buku la matebulo limene lidamuonetsa kuti pa 29 Febuluwale kudzakhala kadamsana wa mwezi. Adaitana mafumu awo nawauza kuti Mulungu wake wakwiya ndipo awalanda mwezi. Mwezi utatuluka wofiira anthu adalira, nathamangira kukatenga chakudya, iye n'kudikira nthawi imene ankadziwa kuti mthunzi uchoka kuti alengeze kuti awakhululukira. Mabuku ambiri amasimba nkhaniyi ngati ya kuchenjera. Ine ndikaiika pambali pa ya ku Madinah ndimaona kuba.

Masamu omwewo amathanso kuyenda chobwerera m'mbuyo. M'zaka za m'ma 1800 katswiri wa ku Egypt, Mahmud Pasha al-Falaki, adawerengetsa akadamsana a m'nthawi ya Mtumiki napeza kuti amene akugwirizana ndi imfa ya Ibrahim adachitika m'mawa wa pa 27 Januwale 632, kumapeto kwa Shawwal m'chaka cha 10. Kumadera ena adali wa mphete. Ku Madinah mbali yaikulu ya dzuwa idaphimbika koma silidathe lonse. Kuchokera tsiku limenelo kufikira pa 8 Juni 632, tsiku limene ambiri amati Mtumiki adamwalira, padangopita masabata 19. Akadapanda kulankhula m'mawa uja, n'zosakayikitsa kuti mibadwo yotsatira ikadati dzuwa lidalosera imfa yake, ndipo chikhulupiriro cha ku Assyria chikadalowa m'nyumba zathu chitavala mkanjo.

Mbiri ya kuno kwathu nayo idapindula ndi njira imeneyi. Angoni a Zwangendaba ankasimba kuti tsiku limene adaoloka Zambezi, chakufupi ndi Zumbo, kudada masana. Sadasunge chaka, koma adasunga mdimawo. Akatswiri atafufuza adapeza kadamsana amene adadutsa dera limenelo mu Novembala 1835, ndipo chaka chimenechi ndi chimodzi mwa zaka zochepa za m'nthawi imeneyo zimene ana athu amaphunzira kusukulu motsimikiza.

Ambiri a ife tikukumbukira Lachinayi la pa 21 Juni 2001. Mthunzi udachokera kunyanja ya Atlantic, kudutsa Angola, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mpaka ku Madagascar. Ku Lusaka kudada kotheratu cha m'ma 3 koloko masana, ndipo kuno ku Malawi ambiri tidaona mbali yaikulu ya dzuwa itadyeka, kuwala kutasanduka kotuwa, kamphepo kozizira kakudutsa. Kudali kumapeto kwa Rabi al-Awwal, 1422. Onjezerani miyezi 223 ya alembi a ku Babylon, mufika kumapeto kwa Shawwal, 1440, pa 2 Julayi 2019. Tsiku limenelo kadamsana adabweradi, koma ku Chile ndi ku Argentina, chifukwa maola 8 otsalira aja amapatsa dziko mpata wozungulira gawo limodzi mwa magawo atatu, mthunzi n'kugwera kumadzulo kwa kumene udagwera poyamba.

Matebulo a masiku ano akuonetsa kuti pa 2 Ogasiti 2027 mthunzi wa mwezi udzalowa mu Africa cha ku Morocco, kutsata gombe la kumpoto, kudutsa Luxor ku Egypt kumene mdima udzapitirira mphindi 6, kenaka kuoloka Nyanja Yofiira. Jeddah ndi Makkah zili m'njira yake. Dzuwa litangopendeka, anthu ozungulira Ka'bah adzakhala mumdima kwa mphindi pafupifupi 5. Madinah ili kunja pang'ono kwa njirayo, chakumpoto, ndipo kumeneko dzuwa lidzaphimbika mbali yaikulu n'kutsala kachidutswa, monga mmene zidalili tsiku limene Ibrahim adaikidwa m'manda a Baqi.